Abraham Lincoln, loya wa makampani a njanji

Mafumu athu, amayi ndi abambo, ndikuthokozeni chifukwa chosiya ntchito zanu kudzakhala nafe masana ano. Munthu amene ndikufuna tikambe za iye ambiri mumamudziwa ngati mtsogoleri wa dziko la America amene analamula kuti akapolo amasulidwe, koma asanafike pa mpando umenewo, Abraham Lincoln anakhala zaka zoposa makumi awiri akudya za uloya, ndipo milandu yake ina yaikulu inali yoimira makampani a njanji.

Anabadwa m'chaka cha 1809 ku Kentucky, m'banja la alimi osauka, ndipo masiku onse amene anakhala m'kalasi mukawaphatikiza sapitirira chaka chimodzi. Malamulo anawaphunzira yekha powerenga mabuku obwereka, mpaka anapatsidwa chilolezo cha uloya mu 1836, nakakhazikika mumzinda wa Springfield ku Illinois. Kawiri pa chaka ankakwera hatchi kapena ngolo n'kumatsatira woweruza m'matauni ang'onoang'ono kwa milungu yambiri, makalata a milandu atawapinda n'kuwaika m'chipewa chake chachitali. Milandu yake yoyamba inali ya ngongole, malire a minda ndi kunyozana kwa anansi, yomwe ngakhale inu mafumu mumaidziwa bwino.

Njanji itafika ku Illinois inabwera ndi mikangano yomwe malamulo akale sanaikonzekere. Mu 1851 Lincoln anaimira kampani ya Alton and Sangamon motsutsana ndi James Barret, yemwe analonjeza kugula masheya kenako n'kukana kulipira kampaniyo itasintha njira yodutsa njanji. Khoti lalikulu la Illinois linagamula kuti lonjezo lakelo linali likadagwirabe ntchito.

Mlandu wa msonkho ndi umene unam'kweza. Boma la Illinois linagwirizana ndi kampani ya Illinois Central kuti izipereka 7 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene ikupeza ku thumba la boma, ndipo misonkho ina isaikhudze. Khonsolo ya dera la McLean inati pangano limenelo silikuimanga, nitumiza kalata yofuna msonkho wa malo a kampaniyo. Taganizirani, njanjiyo inkadutsa m'makhonsolo ambirimbiri, ndipo McLean ikanapambana, onsewo akanatambasula dzanja. Mlanduwo, umene Lincoln anaimira kampaniyo, unayamba mu 1853 ndipo unatha mu 1856 kampani itapambana. Ndinene poyera kuti mtima wanga umamvera chisoni anthu a khonsolo ija, chifukwa iwo ankaona sitima ikudutsa pakhomo pawo tsiku ndi tsiku koma ndalama zake zikupita kutali. Komabe boma linali litasaina, ndipo ntchito ya loya inali kuonetsa kuti chosainidwa chiyenera kulemekezedwa.

Lincoln atapempha malipiro a madola 5,000, kampaniyo inakana, poti inaona kuti ndalamazo zachulukitsa. Iye anaisumira kampani yomwe anali atangoipulumutsa, ndipo mu 1857 khoti la ku Bloomington linam'patsa madola 4,800 litachotsapo 200 omwe anali atalandira kale. Ndalamazo anagawana pakati ndi William Herndon, mnzake wa mu ofesi, ndipo kampaniyo inapitirizabe kum'patsa milandu.

Tsopano ndifike pa mlandu umene ine ndimaukonda koposa. Mu April 1856 anatsegula mlatho woyamba wa njanji woloka mtsinje wa Mississippi, pakati pa Rock Island ku Illinois ndi Davenport ku Iowa. Eni sitima za pamadzi, makamaka a mumzinda wa St. Louis, anadana nawo mlathowu chifukwa ankadziwa kuti katundu amene iwo ankanyamula ayamba kuyenda pa njanji. Pa 6 May, patangotha milungu iwiri, sitima ya pamadzi yotchedwa Effie Afton inagunda chipilala cha mlathowo, niyaka moto, ndipo motowo unapsereza mbali ina ya mlatho. Mwini sitimayo anasuma kuti mlathowo ukutseka njira ya pamtsinje.

Lincoln, yemwe anaimira eni mlathowo, mtsinjewu sanali mlendo nawo, pakuti ali mnyamata anayendapo kawiri pa bwato lamatabwa lonyamula katundu mpaka ku New Orleans. Ngakhale zinali choncho, sanadalire zokumbukira kapena zolembedwa pa mapepala, koma anapita yekha ku Rock Island kukaima pa mlathowo, kuona mmene madzi amathamangira pakati pa zipilala, ndi kufunsa anthu ogwira ntchito pamenepo. Mlanduwo utalowa m'khoti ku Chicago mu September 1857, pamaso pa woweruza John McLean, iye anafotokoza liwiro la madzi, mtunda wa pakati pa zipilala ndi mmene sitimayo inalowera, nanena kuti gudumu lake lopalasa madzi la kudzanja lamanja linali litaima isanagunde, kotero kuti cholakwa chinali cha sitima ndi oiyendetsa. Anawonjeza kuti munthu wofuna kuwoloka mtsinje kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo ali ndi ufulu wofanana ndi wa munthu wotsika nawo mtsinjewo, ndiponso kuti m'nyengo yozizira madzi amaundana kwa miyezi, sitima za pamadzi n'kuima, pamene mlatho umagwirabe ntchito.

Anthu wamba khumi ndi awiri amene anasankhidwa kuti agamule sanamvane: asanu ndi anayi anali mbali ya mlatho, atatu mbali ya sitima. Motero chigamulo sichinaperekedwe ndipo mlatho unakhalabe chiimire. Musaganize kuti Lincoln anali wa makampani okhaokha, chifukwa pa milandu ina ankaimira anthu wamba osumira makampani a njanji omwewo.

Atakhala mtsogoleri wa dziko, pa 1 July 1862, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, anasaina lamulo lomanga njanji yofika kunyanja ya Pacific. Njanjiyo inalumikizidwa ku Promontory Summit ku Utah pa 10 May 1869, iye atamwalira kale, popeza anawomberedwa mu April 1865. Thupi lake linanyamulidwa pa sitima kuchokera ku Washington kubwerera ku Springfield, ndipo anthu ankaima m'mbali mwa njanji usana ndi usiku kudikira kuti idutse.