Pagome la Mfumu pali mpando wa mwana wako

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu makolo anzanga. Mawu athu a m'mawa uno ali pa 2 Samueli 9, koma ndiyambe kaye ndi zomwe zinandichitikira pakhomo pano.

Mwana wanga wachiwiri anabadwa ndi vuto la miyendo, amayenda ndi ndodo ziwiri. Usiku wina tisanagone ndimawafotokozera ana nkhani ya pa Marko 2, ya munthu wofa ziwalo uja anzake anayi anasasula denga nkumutsitsa pamaso pa Yesu, ndipo ndinaifotokoza ndi mphamvu zanga zonse, kuti anadzuka, ananyamula mphasa yake nkumapita anthu onse akuona. Abale ake anaombera m'manja. Iye anangoti zii, akuseweretsa nsonga ya bulangete, kenako motsitsa mawu akuti, "Amayi, nde amene sanachire aja, Mulungu amadikira achire kaye kuti aziwakonda?"

Ndinamukumbatira nkumuuza kuti ayi mwanawe, koma usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinayamba kuwerenga m'mutu nkhani zomwe ndakhala ndikuwauza zaka zonsezi, Davide ndi Goliati, Samsoni, Danieli m'dzenje la mikango, amuna amphamvu okhaokha, ndipo munthu waulumali akalowa m'nkhani amangolowa kuti achiritsidwe basi nkutulukamo. Nkhani zimenezi ndi zoona, ndimazikhulupirira ndi mtima wonse ndipo kupempherera machiritso sindinasiye. Koma mwana akamamvetsera nkhani amakhala akudzifunafuna mmenemo, kuti kodi ine ndili pati, ndipo akasowa kangapo amayamba kuganiza kuti Bukuli ndi la ana a eni.

Mawa lake ndinawatsegulira nkhani ya Mefiboseti, mwana wa Yonatani, bwenzi lapamtima la Davide. Pa 2 Samueli 4:4 timamva kuti anali ndi zaka 5 zokha tsiku lomwe uthenga unafika woti bambo ake ndi agogo ake Mfumu Sauli afa, mlezi wake anamunyamula kuti athawe naye ndipo m'kufulumirako mwanayo anagwa nkulumala. Tsiku limodzi lomwelo umasiye ndi ulumali. Patapita zaka Davide ali pampando anafunsa ngati alipo wotsala wa banja la Sauli woti amuchitire chifundo chifukwa cha Yonatani, ndiye Ziba, wantchito wa Sauli, anati alipo, wolumala mapazi, akukhala ku Lodebara m'nyumba ya Makiri. Atabwera naye, mawu omwe anatuluka pakamwa pa Mefiboseti amandiwawa mpaka lero, anadzitcha yekha galu wakufa. Abale, mawu otere munthu sabadwa nawo, amachita kuwatola kwa anthu, m'mene amamuyang'anira, m'mene amamudumphira akamaitana ena. Davide anamuuza kuti usaope, anamubwezera minda yonse ya agogo ake, nkulamula kuti azidya pagome la mfumu nthawi zonse ngati mmodzi wa ana a mfumu.

Tsono taonani ndime 13, yomaliza ya mutuwo. Ikuti Mefiboseti amakhala ku Yerusalemu, amadya pagome la mfumu masiku onse, ndipo ikutseka ndi kunena kuti anali wolumala mapazi onse awiri. Sanachire. Mpando anaupeza miyendo ili momwemo. Nditawerenga pamenepo mwana wanga anati, "Amayi bwerezani pomalizapo," ndinabwereza, anatinso bwerezani, mpaka katatu.

Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kusankha nkhani ndikuyang'ana nkhope za ana omwe akundimvetsera. Sindikunena zopotoza Mawu kapena kuwonjezeramo zathu ayi, anthuwa alimo kale m'Baibulo, ife ndi amene timawadumpha. Mwana wamkazi amve za ana aakazi asanu a Tselofekadi pa Numeri 27, omwe anaimirira pamaso pa Mose ndi akuluakulu onse kupempha cholowa cha bambo awo, ndipo Yehova anati akunena zoona. Amvenso za kamtsikana kogwidwa ukapolo ka pa 2 Mafumu 5, dzina lake silinalembedwe nkomwe koma ndi iko kanalozera Namani kwa mneneri. Mwana amene akukula bambo atachoka pakhomo amve za Hagara ndi Ismayeli m'chipululu madzi atatha, pomwe Genesis 21:17 ikuti Mulungu anamva mawu a mnyamatayo. Wovutika kulankhula amve kuti Mose naye anadandaula kuti ndi wolemera pakamwa koma anatumidwabe kwa Farao. Ndipo tonse, akulu ndi ana, tiloweze yankho la Yesu pa Yohane 9:3 pomwe ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthuyu abadwe wosaona, Iye anati sanachimwe iyeyu ngakhale makolo ake. Alipo makolo ambiri asenza mlandu umenewu mwakachetechete, ena mwina mukuwerenga pano, ineyo ndinausenzapo zaka.

Ntchito imeneyi tisaisiyire aphunzitsi a Sande sukulu okha, amayesetsa ndithu koma amakhala ndi ana athu kanthawi kochepa pa sabata. Deuteronomo 6:7 ikuika udindowu pa ife, kuti tiziwaphunzitsa tili khale m'nyumba, tikuyenda panjira, pogona ndi podzuka. Timoteo anadziwa malembo kuyambira ali wakhanda chifukwa cha amayi ake Yunike ndi agogo ake Loisi, ndiye inu amene mukulera nokha kapena agogo amene mukulera zidzukulu musadziderere. Ndipo pofotokoza tisamakwiye ndi mafunso. Pa Yoswa 4 Mulungu analamula kuti aimike miyala 12 yochokera mu Yordano ndi cholinga choti ana adzafunse kuti miyalayi ikutanthauza chiyani. Funso la mwana wanga lija linandiwawa, koma akanaopa kulifunsa bwenzi akukula nalo mumtima ine osadziwa. Mwana wosakhazikika pansi mpatseni mbali achite sewero, wosamva bwino muyang'aneni kumaso mugwiritse ntchito manja ndi zithunzi, foni iikidwe kaye patali.

Dzulo wamkulu wanga wamkazi wapempha kuti madzulo ano tibwereze ya atsikana asanu aja, akuti akufuna aloweze mayina awo, Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza, ndipo mlongo wake wanena kale kuti iye akhala Mose, ndodo ali nayo.

Ambuye akusungeni lero pamodzi ndi ana anu onse. Amen.