App ya mndandanda wogawana: yambani ndi foni ya azakhali

[Wofotokoza wakhala pakhonde. Patebulo pali mafoni awiri, ina yatsopano, ina yong'aluka galasi]

Muli bwanji nonse, a kuno ku Lusaka ndi inu mukuonera muli kumudzi.

Miyezi ingapo yapitayo tinali ndi kitchen party ya mng'ono wanga ku Chilenje. Mu komiti tinalimo amayi 9, ndipo zonse tinkakambirana pa gulu la WhatsApp. Tsiku lophika litakwana, tinapezeka tili ndi matumba anayi a malasha, koma saladi, mafuta ophikira aja, ngakhale botolo limodzi panalibe. Anthu awiri anagula malasha, aliyense akuganiza kuti ndi ntchito yake. Wa saladi ankati mlamu wathu agula. Uthenga wonena kuti "malasha ndagula kale" unalipo ndithu, koma unakwiririka pansi pa zithunzi za chitenge, ma voice note ndi mavesi a m'mawa.

Palibe amene anachita ulesi. WhatsApp ili ngati mtsinje, chimene mwaponyamo m'mawa, madzulo chapita kutali. Ife tinkafunika chinthu chokhala malo amodzi, choti aliyense akachiyang'ana aone zomwezo. Ndiye lero tikambe za ma app olembamo zochita, amene mndandanda umodzi mumagawana anthu angapo.

[Pa sikirini: mndandanda wa zogula, chala chikuchonga "ufa 25kg"]

Amagwira ntchito motere. Mndandanda weniweniwo umasungidwa pa intaneti, kwa kampani yomwe inapanga app. Foni ya aliyense imangokhala ndi kope lake. Ine ndikachonga ufa ndili ku Soweto Market, foni yanga imatumiza nkhaniyo, kenako mafoni a anzanga onse amailandira. Gwirani mfundo iyi, tibwererako: ngati foni yanga ilibe data, ufawo wachongedwa kwa ine ndekha. Mnzanga ali ku City Market akuonabe kuti ufa sunagulidwe.

Anthu akamasankha app amayamba ndi foni yawo. Amayang'ana kukongola, mitundu, kalendala. Ine nditi yambani ndi foni iyi.

[Akweza foni yong'aluka ija]

Iyi ndi yofanana ndi ya azakhali anga a ku Matero. Itel, malo osungira zinthu anadzaza kalekale ndi mavidiyo a kwaya, batire imatha dzuwa lisanapendeke. Koma azakhali ndi amene amadziwa komwe nkhuku zikutchipa, ndipo theka la zogula limadutsa m'manja mwawo. App imene iwo sangatsegule, kwa komiti yathu ndi yachabe, ngakhale atayitama bwanji pa YouTube.

Tiyambe ndi Google Keep, poti ndiyo ili pafupi ndi aliyense. Inatuluka mu 2013, ndi yaulere, ndipo imafuna akaunti ya Google yokha. Aliyense amene anatengapo app pa Play Store akaunti imeneyi ali nayo kale. Mumatsegula kapepala katsopano, n'kusankha kuti kakhale ndi timabokosi tochonga, kenako mumapita pa Collaborator n'kulemba imelo ya mnzanu. Basi. Chinthu chikachongedwa chimatsikira pansi, zotsala zimakhala pamwamba.

Pomwe pamavuta ndi pa imelopo. Funsani azakhali kuti Gmail yawo ndi chiyani, akuyankhani kuti "anandiikira ndi mnyamata uja anandigulitsa foni ku Town Centre." Musataye mtima. Tengani foniyo, tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kozungulira kali pamwamba kudzanja lamanja, imelo ionekera pomwepo. Ilembeni papepala, muwapatse asunge m'Baibulo.

Keep ndimaikonda pa zogula za m'nyumba, inu ndi amuna anu kapena akazi anu, mwinanso ndi mwana wamkulu. Sopo akatha, amene waona alemba. Amene wadutsa pa shopu agula n'kuchonga. Koma kwa gulu lalikulu imaperewera. Simungaike dzina la munthu pa ntchito mwa njira ya app yeniyeniyo, mumachita kulemba nokha kuti "saladi, mlamu". Chinthu chilichonse pamndandanda sichikhala ndi tsiku lakelake. Ndipo aliyense amene mwamulowetsa akhoza kufufuta chilichonse. Mwana akabwereka foni ya amayi ake kuti asewere, mndandanda wa ukwati ungathe kusanduka zilembo zosamveka kwa anthu onse 9 nthawi imodzi.

[Pa sikirini: Microsoft To Do, mndandanda wokhala ndi tizithunzi ta anthu pambali pa ntchito]

Ya komiti, kaya ya ukwati, ya maliro, ya kwaya kapena ya makolo akusukulu, ine ndimaloza Microsoft To Do. Nayonso ndi yaulere. Chachikulu chimene ili nacho ndi chimene chinatisowa ku Chilenje: ntchito iliyonse mumaipatsa mwini. Mumadina "saladi", n'kusankha Assign to, n'kusankha mlamu. Dzina lawo limakhala pomwepo, poyera. Mumaikanso tsiku loti ichitike, ndipo ntchito yaikulu ngati "tenti" mumaiduladula: kufunsa mtengo, kulipira dipoziti, kupeza galimoto. Mawu aja akuti "ine ndimayesa ndi inu" amachepa kwambiri.

Kulowetsa anthu nakonso n'kosavuta, chifukwa app imakupatsani linki yomwe mungaponye pa WhatsApp pomwe paja. Koma wodina linkiyo ayenera kukhala ndi akaunti ya Microsoft, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amabwerera. Akaona fomu, pasiwedi yatsopano, khodi yobwera pa imelo, amangoti "ndiona mawa". Mawa lakelo silifika. Njira yomwe inatithandiza ife ndi yoti tinachita zimenezi tili pamodzi, pa msonkhano wa komiti, tiyi ali patebulo. Atsikana awiri anazungulira foni ndi foni. Dziwaninso kuti akaunti ya Microsoft mutha kuitsegula ndi Gmail yomwe muli nayo kale, sipafunika imelo ina yoti muziiwala.

Inu a m'maofesi, chonde musagwiritse akaunti yakuntchito pa za banja. Tsiku lomwe mwasiya ntchito akauntiyo imatsekedwa, mndandanda wa ukwati wa mwana wanu uli momwemo.

Pang'ono ndipatuke. To Do ili ndi kholo lake. Kunali app yotchedwa Wunderlist, yopangidwa ku Berlin, imene anthu ankaikonda kwambiri chifukwa cha mindandanda yogawana yomweyi. Microsoft inaigula mu 2015, n'kutulutsa To Do mu 2017, ndipo pa 6 May 2020 Wunderlist inatsekedwa. Anthu anachita kusamutsa katundu. Ndiye inu a chilimba ndi a village banking, lembanimo zokumbutsana, monga tsiku lokumana ndi amene alandire mwezi uno. Koma buku la ndalama likhalebe buku, lachikuto cholimba, kwa msungichuma. Ndipo PIN ya mobile money isalowe mu mndandanda wogawana, ngakhale wa anthu a m'nyumba imodzi.

Todoist ndi yakale kuposa zonsezi. Anaiyamba Amir Salihefendić mu 2007. Ndi yaukhondo, yachangu, ndipo ili ndi kanzeru kena kokoma: mukalemba ntchito n'kuwonjezera tsiku m'Chingerezi, yokha imazindikira n'kuika pa kalendala. Mukalemba kuti "mawa m'mawa" imangokuyang'anani, Chinyanja sinaphunzire. Pansi pa ntchito iliyonse pali malo okambirana, moti chithunzi cha lisiti chimakhala pa ntchito yake, osati kusochera pa gulu. Ngati muli ndi kabizinesi, tinene kuti mumasoka ku Kamwala ndipo muli anthu atatu, maoda ali ndi masiku ake, Todoist ikuyenerani. Koma yaulere ili ndi mpanda: mapulojekiti 5, ndipo anthu olowa mu pulojekiti imodzi nawonso ndi owerengeka. Komiti yathu ya anthu 9 sikanakwanamo. Kuti mudumphe mpandawo mumalipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka, ndi khadi la kubanki, pa mtengo wotsatira dola. Kwacha ikatsika, bilu yanu yakwera inu musanachite kanthu.

Zina ndingodutsamo. TickTick ndi yabwino kwa munthu payekha, makamaka wophunzira, koma yaulere imapanikiza kwambiri pa kugawana. Google Tasks, ngakhale dzina likukopa, mindandanda yake ndi ya mwini yekha, simungangoitumiza kwa mnzanu ngati mmene zilili pa Keep. Reminders ya Apple imagawana bwino zedi, koma app yake ili pa zipangizo za Apple zokha. Msuweni wanu wa ku Kabulonga akaumirira imeneyo, mufunseni ngati agulire komiti yonse ma iPhone.

Ndipo musamasinthesinthe. Sabata ino iyi, sabata yamawa mwaona ina yokongola. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nthawi iliyonse mukasamuka, anthu awiri kapena atatu amatsalira m'njira.

[Wofotokoza atsegula foni yong'aluka ija, aonetsa uthenga wa bandulo]

Tsopano tibwerere ku mfundo ija ya data, chifukwa apa ndi pamene opanga mavidiyo akunja sadziwa moyo wathu. Mndandanda wa mawu okha sudya data yambiri ayi. Vuto ndi mtundu wa bandulo. Ambiri a ife, kaya tili pa MTN, Airtel kapena Zamtel, timakonda mabandulo otchipa a WhatsApp ndi Facebook okha. Bandulo yotereyi siyendetsa Keep, siyendetsa To Do. Azakhali amaona WhatsApp ikuyenda, amati intaneti ilipo, amachonga nkhuku, koma nkhaniyo imakhala m'foni mwawo mpaka tsiku lomwe adzagule bandulo ya zonse. Inu kuno mukuona nkhuku sizinagulidwe, mukutuma wina. Malasha aja abweranso, ulendo uno ali ndi nthenga.

Ndiye musanasankhe app, funsani gulu kuti aliyense amagula bandulo yanji. Ngati theka ndi la WhatsApp yokha, gwirizanani kuti pa masiku ogula zinthu komiti iwagulire kabandulo kakang'ono ka zonse. N'kotchipa kuposa thumba la malasha losafunika.

Chachiwiri ndi batire. Chichokereni chilala cha 2024, madzi atatsika ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambirimbiri patsiku, ambiri tinazolowera kusiya foni pa battery saver usana ndi usiku. Mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix amalimbikira kwambiri kutseka ma app amene simukuwayang'ana, kuti batire ikhalitse. Zotsatira zake, chikumbutso chimene munaika kuti chilire 7 koloko chimatha kukhala chete, n'kudzatulukira masana mukatsegula app. Pitani mu Settings, pa gawo la batire kapena la ma app, pezani app yanuyo, muilole kugwira ntchito ngakhale foni ili m'thumba. Onaninso kuti ma notification ake ndi otsegula. Chitani zimenezi pa foni ya aliyense, tsiku lomwe lija la tiyi.

Ngati foni yadzaza moti app ikukana kulowa, Keep ndi To Do zimatsegukanso pa Chrome. Sizikoma ngati app, ndipo pamafunika data nthawi zonse, koma munthu amaona mndandanda n'kuchonga.

Yesani kaye musanalengeze kwa gulu lonse. Lembani zinthu zitatu zokha, tomato, anyezi, kapenta. Tumizani kwa munthu amene mukudziwa kuti foni imamuvuta kwambiri. Musamuthandize, ingokhalani phee muone pomwe aimire. Akalowa, muuzeni azimitse data, achonge tomato, ayatsenso. Yang'anani pa foni yanu ngati tomato wachongeka, ndipo patenga nthawi yotani. Kenako nonse awiri sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, muone chimene chitsale. Mphindi 10 zimenezi zikuuzani zambiri kuposa vidiyo yanga yonseyi.

WhatsApp musaitaye. Macheza, mikangano ya mtundu wa chitenge, zonsezo zikhale komweko. Linki ya mndandanda ikhomeni pamwamba pa gulu, WhatsApp imalola kukhoma uthenga mpaka masiku 30. Wina akafunsa kuti "kodi mbale zagulidwa?", musayankhe kuti inde kapena ayi, muuzeni aone pamndandanda. Sabata yoyamba akuonani ngati wamwano, yachiwiri azolowera. Mwambo ukatha, chotsani anthu kapena tsekani linkiyo, chifukwa pamakhala manambala a foni ndi mitengo zomwe si za aliyense.

[Wofotokoza aika mafoni onse awiri pamodzi]

Pa ukwati weniweniwo wa mng'ono wanga tinagwiritsa To Do. Mwa amayi 9 aja, 8 analowa. Azakhali a ku Matero anakana kwamtuwagalu, akuti maso awo si a tizilembo tating'ono. Ndiye tinapangana kuti madzulo aliwonse ndiziwatumizira chithunzi cha mndandanda pa WhatsApp. Iwo akagula chinthu amandiimbira ali pamsika pomwepo, phokoso la mabasi kumbuyo, n'kunena kuti, "Iwe, chonga nkhuku. Khumi ndi ziwiri. Ndipo uwauze a saladi kuti dzina lawo ndaliona."