Mwana waulumali akasankhidwa ku yunivesite, akagona pati?

Zikomo a Gulupu, mafumu onse, akuluakulu a mipingo ndi a mizikiti, amayi ndi abambo. Ndikuona ena mwachokera ku Chipoka, ena ku Khombedza, ndipo dzuwa la kuno ku Salima mukulimva nokha, ndiye sindikusungani nthawi yaitali.

Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa ana aulumali, makamaka osaona, ndipo maphunziro ake ndinakachita ku Montfort, ku Nguludi kuja. Lero ndabwera ndi nkhani ya pogona. Mwana akakhoza Fomu 4, dzina lake n'kutuluka kuti a NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, amusankha kupita ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku MUST ku Thyolo, timaimba nthungululu, kenako timathamangira za fizi ndi ngongole ya boma. Za chipinda chimene akagonemo sitifunsa. Koma kwa mwana waulumali, chipindacho ndi chimene chimagamula ngati amalize sukulu kapena abwerera panjira.

Ndikuuzeni za mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, dzina ndisunga. Amayendera ndodo ziwiri chifukwa cha ngozi imene anachita ali wamng'ono. Podzaza fomu, amayi ake anamuuza kuti asalembe za ulumali, poopa kuti akadziwa amukana. Atafika, anamupatsa chipinda cham'mwamba pa nyumba yosanja. Bafa linali la simenti yoterera, madzi ali chilowere pansi, popanda pogwira. Anagwamo kawiri. Mukudziwa chimene anachita? Anasiya kumwa madzi masana onse kuti asamavutike ndi kuchimbudzi. Atabwera ku holide ndinamupeza milomo ili yong'aluka, akudandaula m'chiuno, ndipo sanauze munthu aliyense chifukwa cha manyazi. Tinalemba kalata, anamutsitsira m'chipinda chapansi, koma temu yathunthu inali itapita.

Amayi aja sindiwadzudzula, ankateteza mwana wawo. Koma kubisa sikuthandiza, ndipo lamulo lili kumbali yathu. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo lake mu 2012, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano, lija linasintha MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali, ndipo achialubino okha analipo 134,636. Sitili ochepa ayi, ndipo tikapempha chipinda choyenera sitikupempha chifundo.

Koma popempha muzitchula chinthu chenicheni. Mukangolemba kuti mwana wanga ndi wolumala muthandizeni, wa mu ofesi sadziwa poyambira. Mwana wosaona amaloweza njira ndi mapazi: masitepe angati kuchoka pakhomo kukafika pampopi, ngalande ili pati, akhotere pati popita ku kafeteliya. Mukamusamutsa chipinda chaka chilichonse, mwamufufutira zonse zimene analoweza. Pemphani kuti akhale m'chipinda chimodzimodzi mpaka amalize, chokhala ndi soketi yogwira ntchito, chifukwa kompyuta yake ndi imene imamuwerengera mabuku mokweza kudzera pa pulogalamu ngati NVDA. Wosamva samva belu moto ukabuka usiku, ndiye agone ndi mnzake wodziwa chinenero chamanja. Wachialubino, inu nonse mukudziwa zimene zakhala zikuchitika m'dziko muno. Malo ogona pa mayunivesite athu ndi ochepa, ambiri amachita lendi kunja, monga ku Chikanda ku Zomba. Mwana wachialubino asakayende mtunda umenewo usiku pochokera ku laibulale. Akhale mkati mwa sukulu, chitseko chake chikhale ndi loko wolimba.

Bambo wina anandifunsa tisanayambe kuti, aphunzitsi, n'zoona kuti kunja ana asukulu amagona ndi agalu m'mahositelo? N'zoona bambo. Galu wotsogolera osaona anayamba kuphunzitsidwa mwadongosolo ku Germany mu 1916, chifukwa cha asilikali amene anachita khungu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ku America sukulu ya The Seeing Eye inatsegulidwa mu 1929, ndipo ku South Africa mayi Gladys Evans anayambitsa bungwe lotere mu 1953. Galuyo amatenga pafupifupi zaka ziwiri kuti aphunzire. Akafika pa sitepe amaima, pa dzenje amalambalala, ndipo mwini wake akamulamula kuwoloka msewu galimoto ikubwera, amakana. Akavala lamba wake wa ntchito anthu saloledwa kumusisita kapena kumuponyera chakudya.

Ku America kulinso ziweto zimene zimangokhazika mtima pansi munthu wodwala nkhawa. Yunivesite ya Nebraska ku Kearney inakaniza wophunzira kukhala ndi galu wotere, ikuti lamulo la hositelo sililola ziweto. Boma linaisumira, mu 2013 woweruza anagamula kuti hositelo ndi nyumba ya munthu ngati nyumba ina iliyonse, ndipo mu 2015 yunivesiteyo inavomera kulipira madola 140,000.

Sindikunena kuti mukagule galu. Galu wathu kuno ndi wolondera pakhomo ndi wosaka, amagona panja, ndipo nkhani ya chiwewe tonse timaiopa. Abale athu achisilamu alinso ndi chiphunzitso chawo pa za galu m'nyumba, chimene chiyenera kulemekezedwa pogawa zipinda. Chimene ndikufuna mutolepo n'chakuti lamulo la hositelo likhoza kupindika kuti munthu waulumali akhale bwino. Kwathu kuno wotsogolera wosaona ndi ndodo yoyera ndi munthu mnzake. Ndiye ngati lamulo likuti zipinda zimagawidwa mongotola mayina, kapena kuti wakunja sagona m'hositelo, inu pemphani kuti mnzake womuyendetsa, kapena womuthandiza kusamba ndi kukankha njinga yake, agone naye limodzi.

Kalatayo ilembedwe dzina likangotuluka, sukulu isanatsegulidwe, ipite kwa mkulu woona za ophunzira. Muphatikizepo kalata ya dokotala wa pachipatala chathu cha boma ndi ya ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ndipo musunge fotokope ya chilichonse. Mwanayo alembe nawo, chifukwa ndi iye amene akudziwa pamene pamamuvuta. Akakuzengerezani, a FEDOMA (mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali), a Malawi Union of the Blind (bungwe la osaona) ndi a APAM (bungwe la achialubino) alipo, kagogodeni.

Ndabwera ndi mapepala ndi zolembera. Amene ana anu akudikira zotsatira, tikatseka ndi pemphero mutsale pansi pa mtengo wa mango uwo, tiyambe kulemba lero lomwe. Zikomo a Gulupu.