Makalata a omvera: Chitumbuka chikundikana

Takulandirani, omvera athu. Kuno ku Mzuzu kwacha ndi mvula ya mawawa. Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, ndipo alemba kuti:

"Kwathu ndi ku Dedza, ndinakwatiwa kuno zaka 6 zapitazo. Apongozi anga a ku Ekwendeni akabwera timangoyang'anana, iwo Chitumbuka, ine Chichewa. Ana anga amachiyankhula bwinobwino, koma ine chikundikana. Ndili ndi zaka 38, mutu unauma kale. Mwinanso ndimati ndivutikirenji poti kumsika aliyense amamva Chichewa. Kodi munthu wamkulu angaphunzire chiyankhulo china?"

Zikomo mayi. Angaphunzire ndithu. Pitani ku msika wa Taifa mukacheze ndi amayi ogulitsa zitenje. Ena mwa iwo Chiswahili anachidziwa atakula kale, pokapikula katundu ku Kyela ndi ku Mbeya kudzera pa Songwe. Palibe anawakhazika m'kalasi. Anachifuna okha, chifukwa wosadziwa kunenerera mtengo amamudyera masuku pamutu. Chimene ana amatiposa nacho ndi katchulidwe ka mawu. Lilime lanu lidzamvekabe kuti ndi la ku Dedza, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Koma chandikhudza ine ndi mawu anu aja akuti aliyense amamva Chichewa. Maganizo amenewa ali ndi gwero lake. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chinadzamvekanso pa MBC mu 1994. Zaka zonsezo anzathu a kuno ndi amene ankaphunzira chathu, ife a Chichewa osavutika nacho chawo. Takula choncho tikuyesa kuti kuphunzira ndi ntchito ya iwowo. Mtima ukangoti ichi n'chosafunika, khutu limatseka, ngakhale mawuwo muziwamva m'minibasi tsiku lililonse. Mu 1959 akatswiri awiri a ku Canada, Gardner ndi Lambert, anafufuza ana asukulu a ku Montreal oyankhula Chingerezi amene ankaphunzira Chifalansa. Anapeza kuti pambali pa luso la mwana, chidwi chake ndi mmene ankawaonera eni chiyankhulocho zinkathandiza kwambiri kuti akhoze.

Inu mwayi muli nawo, chifukwa ziyankhulo ziwirizi ndi pachibale. Madzi ndi maji, nsomba ndi somba, nsima ndi sima, kudya ndi kurya. Apongozi akadzabweranso, gwadani mmene mumagwadira, munene kuti "Monire amama, muli uli?" Akakupatsani kanthu, muziti "Yewo." Inenso ndinafika kuno ndisakudziwa liwu ndi limodzi lomwe. Anandiphunzitsa ndi mayi wina wogulitsa nthochi, amene ankakana kundipatsa chenje mpaka nditafunsa mtengo m'Chitumbuka. Ana anuwo muwapemphe kuti pa nsima ya madzulo azikuyankhulani Chitumbuka chokhachokha.

Kalata ina ndi ya mtsikana wa Fomu 3 wa ku Luwinga:

"Chingerezi ndimachimva, kulemba ndimakhoza, koma aphunzitsi akandiloza m'kamwa mumauma. Ku pulayimale ankativeka chikwangwani m'khosi tikayankhula chathu. Tsiku lina ndinasokoneza l ndi r, kalasi yonse inandiseka. Anzanga amati Chingerezi ndi cha ana a m'mayadi."

Mwana wanga, kalata yako yandimvetsa chisoni. Kusokoneza l ndi r si umbuli. M'Chichewa malembo awiriwa sasintha tanthauzo la mawu, n'chifukwa chake khutu lathu silinazolowere kuwasiyanitsa, ndipo amene anakusekawo amatero nawonso. Ana a m'mayadi sanabadwe nacho Chingerezi, anangochimva msanga ndiponso kawirikawiri. Aphunzitsi amene mukumva pulogalamu ino, chonde, chikwangwani chija chimaphunzitsa mwana mantha, ndipo mwana wamantha amasankha kukhala chete.

Ukudziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE sungaipeze, ndipo kulembako wayamba kale bwino. Chatsala ndi pakamwa. Peza mnzako mmodzi amene sangakuseke, muziyankhula Chingerezi poweruka kuchokera pa geti mpaka kunyumba, wina akaphonya muzingopitiriza. Lolemba likubwerali ukweze dzanja kamodzi kokha m'kalasi, udzatilemberenso kuti zinayenda bwanji.