Makalata a Omvera: "Akuti ndidinde chala"

Takulandirani omvera athu. Sabata ino makalata ambiri akukamba nkhani imodzi: kampani ikufuna kuimika makina opanga magetsi ndi mphepo kumudzi, pamodzi ndi mabatire osungiramo magetsiwo.

Mnyamata wina akufunsa ngati magetsi azizima mphepo ikaleka. Achimwene, ntchito ya mabatire ndi imeneyo. Amasunga magetsi otsala mphepo ikamaomba kwambiri, n'kuwatulutsa ikachepa, koma kwa maola owerengeka, osati masiku. Ku Hornsdale, m'dziko la Australia, anaika batire lalikulu pafupi ndi makina otere mu 2017.

Bambo wina wamva kuti ng'ombe zisiya kubereka chifukwa cha makinawa. Ayi bambo, mtima m'malo. Ng'ombe zimadya msipu mpaka patsinde pa nsanja za makinawo, ndipo dzuwa likaswa mtengo zimakhala zoyamba kulanda mthunzi.

Koma kalata imene yandikhudza mtima ndi ya mayi wina wamasiye. Akuti: "Amuna anga anandisiyira munda ndi ana anayi. Anthu a kampani akhoma zikhomo pakati pa mundawo, ndipo akuti ndidinde chala papepala. Kuwerenga sindidziwa, kalatayi wandilembera mwana wanga. Kodi ndidinde?"

Amayi, musadinde kaye. Ndikubwereza, musadinde kaye. Ine magetsi a mphepo ndimawakonda. Satulutsa utsi, ndipo nsanja imodzi imatenga malo ochepa, kotsalako mumalimabe. Koma nsanja siibwera yokha. Pamafunika msewu waukulu wodutsa magalimoto onyamula mapiko a makinawo, poti phiko limodzi limatha kupitirira mamita 50, ndipo pansi amathirapo konkire wambiri. Makinawa amagwira ntchito zaka 20 kapena 30. Mwana amene wakulemberani kalatayu adzakhala ndi ana akeake pepalalo likadali ndi mphamvu.

Pezani munthu amene mumamukhulupirira, wosatumidwa ndi kampaniyo, akuwerengereni mawu onse, ngakhale timalemba ting'onoting'ono ta m'munsimo. Kodi mukugulitsa munda kapena mukubwereketsa? Ndalama ndi za kamodzi kapena za chaka ndi chaka, ndipo zizikwera zinthu zikamakwera mtengo? Mbewu zikaonongeka pomanga, chipukuta misozi chilipo? Makinawo akadzatha ntchito, adzawazula ndani? Safunsa anadya phula, amayi. Mufunsenso kuti nsanjayo italikirana bwanji ndi nyumba yanu, chifukwa mapiko amamveka usiku kukakhala zii, ndipo dzuwa likapendeka mthunzi wake umaphethiraphethira pazenera.

Musaganize kuti anthu akumudzi alibe mawu. Ku Kenya, pafupi ndi nyanja ya Turkana, kuli makina 365. Anthu oweta ziweto anapita kukhoti, ndipo mu 2021 khotilo linapeza kuti malowo anatengedwa mosatsata lamulo. Koma onani, pofika nthawi imeneyo makinawo anali atayamba kale kuzungulira. N'chifukwa chake ndikuti nthawi yofunsa ndi ino, zikhomo zikadali zikhomo.

Tsono ndikudzudzuleni pang'ono, abale anga. Makalata angapo akudandaula kuti "sanatifunse", koma ena mwa inu mwavomera nokha kuti msonkhano utaitanidwa simunapite. Zoona zimenezo? Kuwayilesi kuno mumalemba masamba atatu, koma pamaso pa eni ntchito mumangoti ndwii! Pitani. Mukafunse ngati mudzi wanu ulumikizidwe, chifukwa magetsiwa amalowa m'mawaya akuluakulu a dziko lonse, ndipo atha kudutsa pamwamba pa denga lanu inu muli mumdima ngati zimenezi sizinalembedwe m'pangano. Inunso a kampani, ngati mukumvera, munthu wosadziwa kuwerenga simumupatsa pepala ali yekha.

Mphunzitsi wina akuda nkhawa ndi mbalame. Aphunzitsi, mwanena zoona, mbalame ndi mileme zimawombedwa ndithu, choncho itanitsani lipoti la zachilengedwe muone ngati anafufuza njira zimene zimadutsa. Wina wafunsa za moto: mabatire a lithium akatentha kwambiri amatha kuyaka, ndiye payenera kukhala zoziziritsira, mpanda, ndi dongosolo lozimitsira moto.

Amayi aja, mukawerengeredwa pepalalo mutilemberenso. Ndikufuna kumva zimene zalembedwamo.