Makalata a omvera: kodi wonyoza Mulungu apite kundende?

Takulandirani omvera nonse ku gawo lathu la makalata. Sabata ino makalata achuluka kuposa masiku onse, ndipo pafupifupi iliyonse ikukamba nkhani imene tinaiyamba sabata yatha, ya malamulo oletsa kunyoza chipembedzo. Ena mwalemba mofatsa, ena mwalemba cholembera chikuchita kuboola pepala, ndipo bambo wina wanditumizira ulaliki wathunthu wondilimbikitsa kuti ndilape. Bambo, ndauwerenga wonse mpaka pa Ameni, ndipo ndikuthokoza chifukwa chondipempherera, koma sindiuwerenga pano poopa kuti nthawi ya nkhani ingatipeze tisanafike tsamba lachitatu.

Kalata imene ndikhalitsepo yachokera kwa agogo ena, mkulu wa mpingo, amene apempha kuti ndisatchule dzina lawo. Alemba motere: "Ine ndine munthu wachikulire ndipo sindikonda mikangano. Mdzukulu wanga anandionetsa pa foni kanema wa mnyamata wina akuseka buku lathu lopatulika ndi kulitchula mayina amene sindingawalembe pano, anzake akuwomba m'manja. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Tsono ndifunse: munthu akandiipitsira mbiri ine, ndikhoza kumutengera kukhoti. Kodi Mulungu amene anandilenga ndi wochepa kuposa ine? Inu a ufulu wachibadwidwe mumateteza wonyoza, nanga wonyozedwa amuteteze ndani?"

Agogo, ululu umene munamva ndi weniweni, ndipo amene amauza wokhulupirira kuti angoseka n'kuiwala sadziwa kuti kwa anthu ambiri chikhulupiriro chili pafupi ndi mtima kuposa dzina lawo lomwe. Mnyamatayo anachita mwano, ndipo akanakhala mwana wanga akanandimva usiku womwewo. Pamene ndikusiyana nanu m'pa nkhani ya ndende.

Mukamutengera kukhoti munthu amene wakuipitsirani mbiri, inu mumaima pamaso pa woweruza n'kufotokoza chimene chawonongeka, mnzanuyo amapatsidwa mpata woonetsa kuti zimene ananena n'zoona, ndipo umboni umayesedwa. Pa mlandu wonyoza Mulungu, m'malo mwa wodandaula mumaima anthu amene amati akumuimira, ndipo anthuwo sagwirizana okhaokha. Chimene Mkhristu amavomereza popemphera, kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, kwa Msilamu ndi mawu osayenera kunenera Mulungu, ndipo chimene Msilamu amakhulupirira, kuti Yesu anali mneneri ndipo sanapachikidwe, Mkhristu amachimva ngati kugwetsa maziko a chikhulupiriro chake. Onse awiri sakufuna kunyoza, akungonena zimene amakhulupirira. Tsono woweruza atsate buku liti? Kawirikawiri amatsata la anthu ochuluka m'dzikomo, kapena la amene ali pa mpando, ndipo wochepa mphamvu ndiye amalowa m'chitokosi.

Inu ndinu mkulu wa mpingo, choncho nkhani ya Naboti mukuidziwa kuposa ine. Mfumu Ahabu inasirira munda wake wa mphesa, Naboti anakana kugulitsa cholowa cha makolo ake, ndipo Yezebeli sanavutike kumufunira mlandu wakuba kapena wakupha. Anangopeza anthu awiri opanda pake kuti anene kuti Naboti watemberera Mulungu ndi mfumu, munthuyo n'kuponyedwa miyala, munda n'kupita kwa mfumu. Yesu amene mumamutumikira anaimbidwanso mlandu womwewu pamaso pa mkulu wa ansembe, ndipo Stefano anafa nawo.

Musaganize kuti izi ndi za m'Baibulo zokha. M'chaka cha 2009, ku Punjab m'dziko la Pakistan, mayi wina wachikhristu, Asia Bibi, anali kuthyola zipatso m'munda pamodzi ndi amayi anzake. Anakangana pa nkhani ya madzi akumwa, anzakewo atakana kumwera chikho chimene iye anamwera, ndipo patapita masiku ochepa anamuneneza kuti wanyoza Mneneri Muhammad. Gawo 295-C la malamulo a dzikolo, limene linakhazikitsidwa mu 1986 pa ulamuliro wa Zia-ul-Haq, limapereka chilango cha imfa pa mlandu umenewu, ndipo mu Novembala 2010 khoti linagamula kuti mayiyu anyongedwe. Anakhala zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu akudikira chingwe, kufikira khoti lalikulu la dzikolo linamumasula mu Okutobala 2018 litapeza kuti umboni wa omuneneza unali wotsutsana. Ngakhale anamasulidwa, sanathe kubwerera kumudzi kwawo, ndipo mu 2019 anapita ku Canada. Pakati pa zaka zimenezo, bwanamkubwa wa Punjab, Salman Taseer, yemwe anali Msilamu, anawomberedwa ndi womulondera wake yemwe mu Januwale 2011 chifukwa chomuikira kumbuyo mayiyu, ndipo mu Malichi chaka chomwecho nduna yoona za zipembedzo zing'onozing'ono, Shahbaz Bhatti, inaphedwanso. Zonsezi, agogo, zinayambira pa chikho cha madzi.

Ndikudziwa zimene mungayankhe, chifukwa omvera ena atatu alemba zomwezo: amati lamulo likakhalapo anthu satengera malamulo m'manja mwawo, popeza amadziwa kuti boma lichitapo kanthu. Ndikanakonda zikanakhala choncho. Boma la Pakistan silinanyongepo munthu pa mlandu wonyoza chipembedzo, komabe anthu makumimakumi aphedwa ndi magulu olusa atangonenezedwa, ena mlandu wawo usanafike n'kukhoti komwe. Mashal Khan, wophunzira pa yunivesite ya ku Mardan, anaphedwa ndi ophunzira anzake mu Epulo 2017, ndipo ofufuza anapeza kuti sanalakwe. Priyantha Kumara, mkulu wa fakitale wochokera ku Sri Lanka, anaphedwa n'kutenthedwa ku Sialkot mu Disembala 2021. Ku Sokoto m'dziko la Nigeria, Deborah Samuel anaphedwa ndi anzake a pakoleji mu Meyi 2022 chifukwa cha uthenga wa mawu umene anautumiza pa gulu la kalasi la WhatsApp. Lamulo likanena kuti wolankhula mawu ena sayenera kukhala ndi moyo, gulu la anthu limamva ngati lapatsidwa chilolezo, ndipo limangoona kuti khoti likuchedwa.

Nanga inu akutetezeni ndani? Funso limeneli lili ndi yankho, ndipo si zoona kuti a ufulu wachibadwidwe anakuiwalani. Pangano la mayiko la 1966 lokhudza ufulu wa anthu ndi wa ndale, m'ndime 18, limateteza ufulu wanu wokhulupirira, wopemphera ndi wophunzitsa ana anu chipembedzo chanu. Ndime 19 imateteza ufulu wolankhula zakukhosi, koma imalola malire ngati alembedwa m'malamulo ndipo ndi ofunikadi poteteza anthu ena kapena bata. Ndime 20 ndiyo imalamula mayiko kuti aletse kufalitsa chidani cha chipembedzo chimene chimamema anthu kusala, kudana kapena kuchitira nkhanza anzawo. Choncho munthu akaima pagulu n'kunena kuti a mpingo wanu asalembedwe ntchito, athamangitsidwe kapena tchalitchi chawo chitenthedwe, lamulo liyenera kumugwira tsiku lomwelo. Akanena kuti buku lanu ndi nthano chabe, wakupwetekani mtima, koma sanakulandeni chipembedzo chanu, ndipo muli ndi pakamwa, guwa ndi cholembera zomuyankhira. Komiti ya United Nations yoona za panganoli inanena momveka mu 2011 kuti malamulo oletsa kusalemekeza chipembedzo sagwirizana ndi panganoli, pokhapokha pa milandu yomema chidani imene ndatchulayi. Mu 2012 akatswiri anakumana ku Rabat m'dziko la Morocco ndipo anaika mfundo zisanu ndi imodzi zoyesera mawu: momwe zinthu zilili m'dziko pa nthawiyo, udindo wa wolankhulayo, cholinga chake, zimene wanena ndi momwe wazinenera, kutalika kwa kumene mawuwo afika, ndi kuthekera koti anthu avulazidwe. Mnyamata wanu wa mu kanema uja, pa muyeso umenewu, ndi wopanda ulemu, koma si chigawenga. Agogo, mundilemberenso, ngakhale mutakhala kuti simunakhutire.

Wophunzira wina wafunsa kuti ndi mayiko angati amene ali ndi malamulo otere. Bungwe la kafukufuku la Pew Research Center linawerenga mayiko ndi zigawo 79 mwa 198 m'chaka cha 2019. Ntchito yotsala ya kusukulu uchite wekha, mwana wanga, ine ndinamaliza kale mayeso.

Mayi wina wachisilamu wandidzudzula, ndipo kalata yake ndi yaulemu kwambiri. Akuti nthawi zonse nkhaniyi ikatuluka zitsanzo zimachokera kumayiko achisilamu, ngati kuti ena onse ndi oyera m'manja. Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo mbiri ili kumbali yanu. Ku Edinburgh m'dziko la Scotland, mu 1697, wophunzira wa zaka 20, Thomas Aikenhead, ananyongedwa ndi boma lachikhristu chifukwa chonyoza chiphunzitso cha Utatu. England ndi Wales zinachotsa mlandu umenewu mu 2008 chabe, ndipo Ireland inauchotsa m'malamulo ake aakulu pa riferendamu ya mu 2018. Ku Russia, mu 2017, Ruslan Sokolovsky anapezeka wolakwa atadzijambula akusewera masewera a pa foni a Pokémon Go m'tchalitchi ku Yekaterinburg. Ku Myanmar, mu 2015, wolemba Htin Lin Oo analamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri pa mlandu wonyoza Chibuda, pamene iye ankadzudzula anthu ogwiritsa ntchito chipembedzocho pofesa tsankho. Ndionjezenso kuti magawo oyambirira a malamulo amenewa ku India ndi ku Pakistan analembedwa ndi atsamunda a ku Britain, kuyambira mu 1860, ndipo ambiri mwa oimbidwa milanduyi ku Pakistan ndi anthu amene amadzitcha Asilamu. Nthendayi sisankha chipembedzo, imatsata mphamvu.

Tsopano ndifike kwa achinyamata, chifukwa makalata anu achuluka ndipo onse akuimba nyimbo imodzi. Mmodzi walemba kuti, "Ufulu wanga ndi wotukwana aliyense ndi chilichonse, wokwiya akadzimangirire." Achimwene, ine ndathera theka la pologalamu ino kukutetezani kuti musamangidwe, koma musandiyese mnzanu pa mwano. Lamulo likakulolani kuchita chinthu, sindiye kuti chinthucho chasanduka chanzeru. Anthu amene anavutikira ufulu wolankhula ankafuna kuti munthu athe kufunsa funso lovuta, kutsutsa mtsogoleri wachipembedzo amene akudyera anthu masuku pamutu, kusintha chipembedzo kapena kusakhala nacho popanda kuopa chingwe. Mubarak Bala, mtsogoleri wa bungwe la anthu osapembedza ku Nigeria, analamulidwa mu 2022 ku Kano kukhala m'ndende zaka 24 chifukwa cha zimene analemba pa Facebook, ndipo khoti la apilo linachepetsa chilangocho mu 2024. Nkhani za anthu otere n'zimene ufuluwu unadzera, pamene inu mukuugwiritsa ntchito kuliza agogo a anzanu kuti mupeze okutsatirani ambiri pa masamba a mchezo. Korani, pa sura 6 ndime 108, imalangiza okhulupirira kuti asatukwane zimene ena amapembedza, ndipo langizo limenelo lingathandize ngakhale munthu amene salowa mumzikiti kapena m'tchalitchi.

Ndipo poti ndayamba kale kulalikira, ndimalize ndi enanu, akuluakulu, amene mumalandira chithunzi kapena uthenga pa foni wonena kuti uje wanyoza Mulungu, n'kuutumiza ku magulu onse musanafunse kuti wachokera kuti. Makalata angapo sabata ino abwera ndi zithunzi zotere, ena ndi dzina la munthu ndi kumene amakhala, ndipo mukundipempha kuti ndimuulule pa wailesi. Sindichita zimenezo. Chithunzi cha zolembedwa pa foni chimapangidwa ndi mwana wa sukulu m'mphindi zochepa, akaunti ya munthu imabedwa, ndipo mawu amadulidwa pakati kuti amveke mwina. Wotumiza uthenga wotere amadziona ngati akutumikira Mulungu, koma mwina akutumikira munthu amene ali ndi ngongole kwa wonenezedwayo, kapena amene akusirira malo ake. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo foni yanu nayonso ikhoza kugwera m'manja mwa wokudani.

Bambo wina wafunsa za Denmark, ndipo akuti ngati malamulowa ndi oipa, bwanji dziko limene linawachotsa linabwereranso m'mbuyo. Zoona zake n'zakuti Denmark inachotsa lamulo lake lakale mu 2017, ndipo mu Disembala 2023, pambuyo pa mchitidwe wotentha Korani pagulu, nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano loletsa kuchitira chipongwe mabuku opatulika pagulu, chilango chake chofika zaka ziwiri m'ndende. Lamuloli likukhudza zochita pa bukulo, monga kulitentha kapena kuling'amba, osati mawu otsutsa zimene zalembedwamo. Maganizo anga ndi akuti kutentha buku pakhomo pa nyumba yopemphereramo n'cholinga choopseza opemphera kuli pafupi ndi chidani chimene ndime 20 ikunena, koma ndimaopa boma limene limasintha malamulo chifukwa choti ena aopseza kuchita ziwawa, popeza oopsezawo amaphunzirapo kuti njira yawo imagwira ntchito. Otsutsa lamuloli ku Denmark komweko ananenanso zofanana ndi zimenezi.

Amene mwafunsa ngati kutsutsa m'busa kapena shehe ndi kunyoza Mulungu, yankho ndi lakuti ayi, ndipo mtsogoleri amene amakuuzani kuti n'chimodzimodzi mumufunse za kaundula wa ndalama za chopereka. Kalata zotsala, pamodzi ndi ya mphunzitsi amene akufunsa momwe angaphunzitsire za zipembedzo zosiyanasiyana m'kalasi popanda kukwiyitsa makolo, tidzaziwerenga sabata yamawa pa nthawi ngati yomweyi.