Malo alipo, sunthani pang'ono

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu lero ali pa Yohane 14:2, mukuwadziwa kale, timawamva pafupifupi pa maliro aliwonse, ndipita kukakukonzerani malo. Koma m'mawa uno ndikufuna tiwachotse kumanda mawuwa tibwere nawo pakhomo, chifukwa amene tikuvutika ndi malo ndife amoyofe. Ndipo ndineneretu, lekani kukankhana abale, sunthani pang'ono.

Amayi anzanga mukudziwa zimene timachita tsiku la sikelo kapena kukakhala msonkhano waukulu kutchalitchi. Amene wafika msanga amayala chitenje pa benchi, wina akafuna kukhala amamuuza kuti pepani pali munthu apa, akubwera. Mwini wakeyo mwina akadali panjira, mwana wamuchedwetsa, mvula yamutsekereza, koma sayenda mtima uli m'mwamba chifukwa akudziwa kuti mnzanga wandigwirira malo. Amalowa mochedwa thukuta lili kamukamu nkungokhala basi. Ambuye anatsogola kukayala chitenje chimenecho ndipo palibe wochichotsa.

Ndikudziwa kuti kuno ku Thyolo nkhani ya malo siyoseweretsa. Ukakwera minibasi pa Bvumbwe kudutsa pa boma kulowera ku Luchenza maso amakhuta tiyi, zitunda zonse biriwiri, koma ukafika kumudzi munda wa banja lonse anthu awiri amaumaliza dzuwa lisanafike pamutu. Agogo athu anagwira thangata kuti angololedwa kukhala pa malo a azungu. Kuyambira 2004 mabanja ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje anasamukira ku Machinga ndi Mangochi pa ntchito ija ya Kudzigulira Malo, ena a ife tili ndi abale kumeneko amene timangowamva pa foni. Kenako mu March 2023 kunabwera Freddy, matope ndi miyala kutsika m'mapiri, anthu kudzuka alibe nyumba alibe munda. Ndiye munthu wa kuno ukamuuza kuti malo alipo amayamba wakuyang'ana kaye.

Ndipo si munda wokha ayi. Mwana wakhoza Standard 8 bwinobwino koma dzina palibe pa osankhidwa a Form 1, akuti malo anachepa. Bambo alawirira ku esiteti mvula itayamba kukafunsa yothyola tiyi, akapitawo akuti malo adzaza. Mayi wa tomato wachedwa pang'ono wapeza wina wayala kale pamalo pake. Mkamwini wakhala zaka, wamanga nyumba ya malata, ana akula, koma kukangobuka mkangano amakumbutsidwa kuti kuno si kwanu.

Sabata ino kwathu kulibe mtendere abale. Nkhani yake malire. Munda umene anasiya agogo, mbali ino ife ndi achemwali anga, mbali inayo ana a mayi aang'ono, ndipo mtengo wa mapeyala umene unali chizindikiro unagwa kalekale chitsa chinawola, aliyense akuloza pake. Mizere yochepa chabe, yoti ngakhale thumba limodzi la chimanga silingatuluke, koma mawu amene atuluka sindingawalembe pano, anthu amene tinakula tikudyera mbale imodzi tikudutsana pa mjigo osapatsana moni, ana nawo ayamba kuletsedwa kusewera limodzi. Usiku tulo osabwera. Ndipo ndikamvetsera bwino pansi pa kukalipa konseku ndikumva mantha, aliyense akuopa kuti ana ake adzasowa pomanga. Mantha amenewo ndi enieni, sindikuwapeputsa, nanenso ndili nawo.

Koma taonani amene akulonjeza malowa. Pobadwa, m'nyumba ya alendo munalibe malo, anamugoneka modyera ziweto. Atakula ananena yekha kuti nkhandwe zili ndi pogona, mbalame zili ndi zisa, iye alibe potsamira mutu. Ngakhale manda anali a Yosefe wa ku Arimateya. Ndiye akamati ndikukakukonzerani malo si mawu a munthu wosadziwa kusowa, anayima panja iyeyu, akudziwa mmene zimapwetekera kuuzidwa kuti mwadzaza. Ameneyo ndi amene wakugwirirani pa benchi.

Kumbukiraninso Abramu ndi Loti pa Genesis 13, dziko linawachepera, abusa awo anayamba kukangana. Wamkulu anali Abramu, woyenera kusankha poyamba anali iyeyo, koma ndi amene anati tisakangane ndife pachibale, sankha iwe. Anatha bwanji kutero? Chitenje chake chinali chitayalidwa kale, Mulungu anali atamulonjeza. Munthu amene wagwiriridwa malo sapondereza mnzake pakhomo pofuna kulowa.

Musandimve molakwa, sindikuti mungokhala chete munda ukulandidwa, ayi, itanani amalume, pitani kwa amfumu, nkhani ikambidwe poyera, Mulungu wathu amakonda chilungamo. Ndipo inu amene chaka ndi chaka khasu lanu limadya mzere umodzi wa mayi wamasiye, Miyambo 23:10 ikunena za inu, bwezani. Koma popita kubwalo mupite ngati anthu oti malo ali nawo kale, osati Lamulungu tikuimba kwaya imodzi Lolemba tikulozerana zikwanje. Zimandimvetsa chisoni abale. Benchi ija ndi imodzi, ndipo m'bale wako amene sukumuyankhulayo naye Ambuye anamuyalira chitenje, mwina pafupi penipeni ndi chako. Ukakhala naye bwanji ngati pano moni yemwe akukukanika? Sunthani pang'ono, yambani ndinu kupereka moni lero, ngakhale asayankhe.

Ifeyo Loweruka tikukumana kwa amfumu, amalume avomera kubwera. Mutikumbukire m'mapemphero, makamaka pakamwa pathu, kuti tikanene zoona popanda kutukwanana, ndiponso kuti ana aja ayambirenso kusewera limodzi. Pemphereraninso makolo amene ana awo sanasankhidwe ndi abambo amene m'mawa uno ali pa geti kudikira kuitanidwa dzina. Muyende bwino kuntchito ndi kumunda, Ambuye akusungeni.